MANDA A KWA CHIBISA NDI ANA AMENE ANATSALA

Phunziro la mwezi uno, la akuru a Mpingo, aphunzitsi ndi onse osunga ana. Muyambe mwawerenga Marko 3:13-19 ndi Macitidwe 15:36-41.



M'miyezi yapitayi tinayendera mipingo yambiri ya m'midzi, tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje, ndipo pali ponse pamene tinakhala pansi ndi akuru tinamva dandaulo limodzi lomweli, lakuti anyamata ndi asungwana atha m'nyumba ya Mulungu. Tiana tiripo, tadzaza mphasa za kutsogolo, nkhalamba ziriponso, koma iwo a zaka 15 kufikira 25 aoneka pa Krisimasi ndi pa maliro pokha. Mkuru wina ati cimene cawacotsa ndico ndalama, wina ati ndi lamya za m'manja, winanso ati ana a makono alibe makutu. Kapena onsewa anena zoona pang'ono. Koma tisanaweruze anawo, tiyeni tibwerere m'mbuyo, tikaime pa manda ena akale ali pafupi ndi boma la Chikwawa, pakuti mandawo ali ndi mau pa mlandu uwu.

Caka ca 1861, mwezi wa July, Dr. David Livingstone anafika pa mudzi wa mfumu Chibisa pamodzi ndi Azungu a Misyoni yoyamba ya dziko lino, yotumidwa ndi masukulu akuru a Oxford ndi Cambridge ndi ena. Mtsogoleri wao ndiye Bishopu Charles Mackenzie. Sanakhala m'cigwa, koma anakwera mapiri. Ndipo pa 16 July, pa mudzi wa Mbame, anakomana ndi ulendo wa akapolo ulikupita ku Tete. Oyendetsa ulendowo anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana ali m'zingwe. Masiku otsata anamasula enanso. Ambiri a iwo analibe kwao kobwerera, popeza midzi yao inapasuka ndi nkhondo. Cotero anatsata Azunguwo kufikira ku Magomero, nakhala banja lao. Panjira pena kamsungwana kena, dzina lace Daoma, kanalefuka osakhoza kuyenda, ndipo Bishopu mwini wace anakasenza pa mapewa ace kufikira kwao.

Tsono Azunguwo sanadziwa Cimang'anja, ndipo sanakhoza kulalikira monga ticita ife. Nanga anacitanji masiku onsewo? M'mawa anaitana anthu maina ao mmodzi mmodzi, nawagawira cakudya. Sing'anga wao, Dr. Dickinson, anatsuka zironda. Henry Scudamore anasonkhanitsa anyamata, nawayendetsa pa mzere, napita nao kumtsinje kukasamba. Anyamata ena anatumikira m'nyumba zao momwemo, naona kadyedwe kao, kapempheredwe kao, ngakhale mkwiyo wao ndi kudwala kwao. Mwa iwo munali Ayao awiri, Chuma ndi Wekotani. Azungu anatola cinenero pakamwa pa anawo, ndi ana anatola makhalidwe pa Azunguwo.

Sitibisa kuti anthu awa analakwanso. Anatenga mfuti nakamenyana ndi Ayao, natentha midzi yao, poyesa kuti Myao ali yense ndiye wogulitsa anthu. Pambuyo pace anazindikira kuti ambiri a iwo anali othawa nkhondo monga Amang'anja omwe. Colakwa ico cinadetsa mbiri ya Misyoni kwao ndi kuno komwe.

Pamenepo imfa inayamba. Bishopu Mackenzie anatsikira ku mathiriro a Ruo kukacingamira mlongo wace. Bwato linagubuduka usiku, mankhwala a malungo namira, ndipo iye anafa pa cisumbu ca pafupi ndi Chiromo pa 31 January 1862. Mnzace Burrup anamuika m'manda, nabwerera ku Magomero, nafa iyenso asanathe mwezi. Otsalawo anacoka ku Magomero, natsikira kwa Chibisa ndi anthu ao. Caka comweco mvula inakana, ndipo kunagwa njala yoopsa m'cigwa monse. Akapolo analikugwidwabe ca kunsi ndi anthu a Matekenya, ndi mitembo inayandama pa Shire masiku onse. Scudamore anafa pa 1 January 1863, Dr. Dickinson m'mwezi wa March. Mnyamata wina wa ulendo wa Livingstone, Richard Thornton, anayenda pansi kunka ku Tete kukawagulira mbuzi ndi nkhosa, nabwera nazo, nafa mu April ndi kutopa ndi nthenda. Bishopu watsopano, William Tozer, atafika naona zonsezi, anasamutsa Misyoni kunka ku phiri la Morrumbala, ndi caka ca 1864 anacoka nayo konse kunka ku Zanzibar.

Munthu akadaima pa gombe la Chikwawa caka cimeneco, akadati nchito yonse yapita m'madzi. Zaka zitatu, ndalama zambiri, amuna amphamvu ali m'manda, ndipo sanasiya mpingo ngakhale umodzi.

Koma panali mlandu wa ana aja. Bishopu Tozer sanafuna kusenza katundu wa akazi ndi ana amasiye, popeza anaona kuti Misyoni iribe mphamvu ya kuwasunga. Pamenepo mmodzi wa a Misyoniwo, Horace Waller, amene sanali mbusa nthawi ija, anakana. Iye anadziwa kuti akawasiya pa gombe, njala kapena goli zidzawatenga. Cotero anapatukana ndi Bishopu wace, nawasunga yekha, ndipo Livingstone anamthandiza kutsika nao pa sitima zace. Ambiri Waller anapita nao ku Cape Town. Chuma ndi Wekotani anaoloka nyanja yaikuru ndi Livingstone m'kasitima kace Lady Nyassa, nafika ku Bombay m'dziko la India mu June 1864, nasiyidwa pa sukulu ya Dr. John Wilson, amene anawabatiza caka ca 1865.

Taonani tsono zimene zinaturuka mwa ana owerengeka awa. Chuma anayenda ndi Livingstone zaka 7 za ulendo wace wotsiriza. Ndipo pamene nkhalambayo inafa kwa Chitambo mu May 1873, iye ndi Susi, munthu wa ku Shupanga pa Zambezi, anatsogolera anzao kusenza mtembo miyezi 9 kufikira ku Bagamoyo pa gombe la nyanja. Caka ca 1874 awiriwo anafika ku England. Ndipo munthu amene anakhala nao pansi kulongosola mabuku otsiriza a Livingstone, nawafunsa za masiku a imfa yace, ndiye Waller yemwe uja anakana kutaya Chuma ali mwana. Pambuyo pace Chuma anatsogolera Bishopu Steere kunka kwa Mataka, kwa anthu a mtundu wace, nafa ku Zanzibar caka ca 1882. Daoma, kamsungwana ka pa mapewa kaja, anakula nakhala mphunzitsi wa ana amasiye ku Cape Town. Winanso, Tom Bokwito, anabwera kuno caka ca 1875 ndi a Misyoni a ku Scotland monga womasulira mau, ndipo ndiye anayenda ndi Henry Henderson pofuna malo amene anamangapo Blantyre Mission caka ca 1876. Mafumu a Makololo a m'cigwa muno anatumiza ana ao kukaphunzira pa sukulu imeneyo. Misyoni inabweranso kudzakhala kwathu pocedwa: ku Lulwe caka ca 1900, ku Chididi 1909, ndi Akatolika ku Chikwawa 1918 ndi ku Nsanje 1921, ndipo pamenepo nchito yambiri ya m'midzi inagwiridwa ndi aphunzitsi a pa sukulu zofolera udzu, amene analeredwa iwonso pa khomo la munthu wina.

Ife poyesa nkhani iyi tiona kuti cimene cinapulumuka pa Misyoni ya kwa Chibisa ndico ana amene munthu wamkuru anawadziwa dzina, nadya nao, nakana kuwataya. Nyumba zinadyedwa ndi ciswe, maulaliki sanamveka, ana anatsala.

Ndipo ici sicacilendo kwa wowerenga Marko. Ambuye wathu anali nao makamu a anthu omtsata, osowa ndi nthawi ya kudya yomwe. Koma anakwera m'phiri, nasankha 12 okha. Yang'anani bwino pa vesi 14, muone cifukwa coyamba cimene Marko acichula. Kuwatuma kukalalikira kudza pambuyo. Coyamba ndico cakuti akhale pamodzi ndi Iye. Anagona kumene Iye anagona, anaoloka naye nyanja, anamuona ali wotopa, anamva mayankhidwe ace kwa adani. Ife tatembenuza dongosolo ili. Mnyamata akangoturuka m'kalasi timpatsa nyimbo kuti atsogolere, kapena mbale ya zopereka kuti ayendetse, ndipo tiyesa kuti tamgwira. Koma palibe mkuru amene adziwa kumene agona, kapena ngati wadya.

Makolo athu anadziwa bwino njira iyi pa zinthu za thupi. Kodi alipo wina ku Dabanyi kapena ku Ndindi amene anaphunzira kupalasa bwato pomva mau ali pamtunda? Iai. Mwana alowa m'bwato ndi atate wace kapena atsibweni ace kusanace. Ayamba ndi kukapa madzi, pambuyo pace apatsidwa nkhafi. Aona kumene mkuru achera mono, aphunzira kuzindikira mvuu ndi ng'ona madzi asanagwedezeke, ndipo akalakwa adzudzulidwa pomwepo, m'bwato momwemo. Zipita zaka, ndipo tsiku lina mkuru atsala pa gombe, mnyamata napita yekha. Msungwananso aphunzira kusinja mapira ndi kusunga dimba ali pambali pa amace. Cikristu cokha ndico tiyesa kuti cilowa ndi kulalikira kwa ora limodzi pa Sabata.

Kumbukiraninso nomi, imene nkhalamba za kwa Asena ziidziwa. Anyamata ndi asungwana a m'mudzi anapangana okha, nasankha atsogoleri ao, nalimira anthu minda ya thonje kuti alandire ndalama, nazisunga pamodzi, nacita phwando atakolola. A Misyoni anaida nomi cifukwa ca zocitika usiku m'magowero, ndipo pa ico sanalakwa konse. Koma ife tiyesa kuti anafulumira kutaya ndi zabwino zomwe. Nomi itionetsa kuti ana a msinkhu uwu adzasonkhana ndithu, tifune tisafune, ndi kuti akhoza kusenza nchito yolemera ndi kusunga cuma akakhulupiriridwa. Lero asonkhana pa malo oimikapo njinga za kabaza ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, ndi m'nyumba zoonetsa mpira. Sanaleke kufuna munthu womtsata. Atsata amene akhala nao.

Tiyenera kunenanso zoona za mabvuto ao, pakuti si onse acoka cifukwa ca kuuma mtima. Madzi anasefukira mu January 2015, nabweranso mu March 2019. Namondwe Ana anadza mu January 2022, ndi Freddy mu March 2023. Nthawi zonsezi masukulu ambiri anasanduka misasa ya othawa madzi, minda inakwiriridwa ndi mcenga, ndi mabanja anabwerera ku nyika za m'dambo monga m'masiku a njala zakale. Mnyamata wa banja lotere apita kukadula nzimbe ku Nchalo, kapena ku Blantyre, kapena ku Joni, popeza ang'ono ace alikulira. Msungwana akwatiwa msanga kuti pakhomo pacepe pakamwa pamodzi, cinkana lamulo lalikuru la dziko, monga linakonzedwa caka ca 1917 kuonjeza zaka 100, ndico 2017, liletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Ana otere ali pa gombe monga aja a kwa Chibisa. Ndipo kawiri kawiri Mpingo uyankha monga Bishopu Tozer, kuti mphamvu yathu yacepa. Iyetu sananama, mphamvu inacepadi. Koma Waller analibenso mphamvu yoposa iye.

Pano tibvomere colakwa cathu ife eni. Zaka zapitazo tinali ndi mnyamata m'kalasi, wanzeru, wodziwa mayankho onse. Anayamba kujomba, sabata imodzi, ziwiri, mwezi wathunthu; ndipo ife, potsata buku la maina, tinafafaniza dzina lace, ticiyesa cilungamo. Patapita miyezi tinakomana naye pa msika alikupalasa njinga, atasenza matumba awiri a makala. Tinamfunsa, Mwanawe, unatithawiranji? Iye anatsika pa njinga, nagwira cipewa m'manja, nati, Aphunzitsi, atate anadwala cifuwa, ndipo njinga iyi ndiyo idyetsa pakhomo; ndinayesa kuti mudzabwera kudzawaona. Mudzi wao unali ulendo wosafika ora limodzi. Tinalibe mau. Buku la maina tinalisunga bwino, mwanayo sitinamsunga.

Koma wina adzati, Nanga tikadzibvuta ndi mwana, iye natithawa? Inde, zicitika. Wekotani, mnzace wa Chuma uja, anamasulidwa tsiku limodzimodzi kapena masiku omwewo, naphunzira pa sukulu imodzimodzi, nabatizidwa ndi munthu mmodzimodzi. Koma caka ca 1866, atafika kwa Mponda, anati wapeza abale ace, natsala komweko, ndipo Livingstone anamlola, popeza sanammasula kuti akhale kapolo wace. Pa ici muwerenge Macitidwe 15. Yohane Marko anathawa nchito pakati pa ulendo ku Pamfuliya, ndipo Paulo anakana kumtenganso. Barnaba anaumirira, kotero kuti amuna awiri abwinowa anapatukana cifukwa ca mnyamata mmodzi. Luka sanena amene anakhoza. Koma pa 2 Timoteo 4:11 tipeza Paulo, ali nkhalamba m'ndende, alikupempha kuti Marko yemweyo abwere, popeza tsopano amuyesa wothandiza. Pakadapanda Barnaba, mnyamatayo akadatayika pa colakwa cace coyamba. Wolera ana a eni alandire ici pasadakhale: ena adzakhala Chuma, ena Wekotani, ena adzacoka nadzabwera imvi zitamera, ndipo sitidziwa pa ciyambi kuti uyu ndani.

Za asungwana tinene padera, pakuti ife amuna tiwaiwala msanga, monga anafuna kuwaiwala pa gombe paja. M'zaka zomwezo Uthenga unalikulowanso m'dziko lakutali la ku Asia, limene kale linachedwa Siam, lero Thailand, kumene anthu ambiri atsata cipembedzo ca Buddha. Daniel McGilvary ndi mkazi wace Sophia anafika mu mzinda wa Chiang Mai caka ca 1867. Munthu woyamba anabatizidwa mu 1869, ndipo caka comweco mfumu ya ku Chiang Mai inapha Akristu awiri, otsala nabalalika ndi mantha. Sophia sanali mlaliki. Anaitana asungwana owerengeka pakhomo pace, nawaphunzitsa kuwerenga, kusoka ndi mau a Mulungu. Ndipo kagulu ka pakhondeko ndiko kanakula kukhala sukulu yaikuru ya Dara Academy. Amai a Mpingo wathu, khonde muli nalo, mtondo muli nao. Msungwana amene asinja pamodzi ndi inu adzakuuzani za mwamuna amene alikumnyenga ndi sopo ndi ndalama, zimene sadzanena kwa mbusa kapena kwa amace omubala. Anamkungwi akale anadziwa kuti mwana wamkazi afuna mkazi wamkuru wina wosati amace. Malo amenewo asakhale opanda munthu.

Ndipo pano pali cenjezo limene sitingalisiye. Mwamuna alere anyamata, mkazi alere asungwana, ndipo zonse zicitike poyera, makolo a mwanayo alikudziwa ndi kubvomera. Tamva za akuru amene anatenga mwana wamasiye ati kumlera, namsandutsa wolima m'dimba mwao wosalipidwa, sukulu osaiona. Ndipo tamva zoipa zoposa izi. Munthu wotere wabweza goli limene linadulidwa kwa Mbame. Mpingo umuimike msanga, ndipo ngati waononga mwana, mlandu upite kwa amfumu ndi ku boma. Usabisike m'nyumba ya mapemphero.

Sitipempha ndalama pa nchito iyi, kapena kumanga nyumba, kapena kudikira Mzungu. Anawo sitiyenera kuwaolotsa nyanja monga anacita Waller, pakuti aja anapulumuka koma anakulira kutali ndi kwao, ndi cinenero ca amao cinawacepera. Athu akhoza kuleredwa pansi pa mitengo yomwe anabadwirapo. Tipempha kuti mkuru ali yense, mwamuna kapena mkazi, atenge awiri kapena atatu okha, osaposa. Akadziwe kwao ndi mabvuto a pakhomo pao. Apite nao poyendera odwala, pokumba manda, pofolera nyumba ya mkazi wamasiye. Awalole apemphere ndi kuwerenga iwo, cinkana acita cibwibwi. Ndipo mmodzi akapita ku Nchalo kapena ku Joni, amlembere kalata kapena amuimbire lamya, namuuze mpingo umene angalowe kumeneko.

Pa msonkhano wa akuru wa mwezi uno, mlembi abwere ndi buku la kalasi la zaka 5 zapitazo. Muwerenge mokweza maina onse amene anafafanizidwa, ndipo pa dzina liri lonse mufunsane: ali kuti tsopano, ndipo ndani wa ife anamuona potsiriza? Dzina limene palibe wolidziwa mulilembe pa pepala lina, ndipo musabalalike musanapangane amene adzapita kwao Sabata isanafike.